Magazi Ochokera Kutsidya kwa Songwe

Anthu akamafotokoza nkhani ya magazi a mwana wanga amaiwononga, ndipo zimandipsetsa mtima. Ena amati anachira ndi mankhwala a ku Tanzania. Ena amati achipatala anasokoneza mabotolo. Zonsezi n'zabodza. Mwanayo sanamwe muzu uliwonse, ndipo botolo silinasokonezeke ngakhale limodzi. Mapepala onse ndili nawo m'sutikesi, kuyambira khadi lake la kusikelo, ndipo amene akufuna kutsutsa abwere adzawerenge. Koma mapepala sanena mmene zinthu zinayendera, n'chifukwa chake ndikulemba.

Nthawi imeneyo, m'zaka za chipani chimodzi, ndinali kalaliki pa sikimu ya mpunga ku Hara. Kwathu kwenikweni ndi kumpoto kwa Boma, kwa Ankhonde, koma ntchito inandipititsa pakati pa Atumbuka. Ndinkayang'anira za madzi a m'ngalande, kuti mlimi uyu athirire lero, uyo mawa. Mwana wathu woyamba, wamkazi, anali atangoyamba sukulu. Dzinja lina anadwala malungo oopsa, zikhatho zake n'kuyera ngati za munthu wochapa tsiku lonse. Pa chipatala chaching'ono chapafupi anam'baya jakisoni, malungo anatha, koma anam'tenganso magazi n'kuwatumiza kummwera.

Yankho litabwera anatiitana tonse awiri, ine ndi mkazi wanga. Amene anatilandira anali mthandizi wa dokotala, amene tinkangowatchula kuti a medikolo.

"Mwana wanu ali ndi sikoselo," anatero. "Ana otere sakula. Mukam'samala mwina afika zaka za unamwali."

Mkazi wanga dzinalo sankalidziwa, koma a medikolo atangotchula za kutupa zala, maso achikasu ndi kuphwanya kwa mafupa, anagwira pakamwa. Mlongo wake wamng'ono anamwalira nazo zimenezo. Iye ndi amene ankam'bereka kumsana akulira, mpaka tsiku limene anasiya kulira.

A medikolo anafotokoza kuti matendawa amagwira mwana pokhapokha bambo ndi mayi onse atam'patsa mbewu yake. Anatibaya chala aliyense, n'kuika madontho pa tigalasi, n'kutiuza kuti tibwere mawa lake. Titabwerera anati magazi a mkazi wanga asonyeza mbewuyo, koma anga ayi. Kenako anandiyang'ana akumwetulira cham'mbali.

"Bambo kalaliki, kodi ntchito yanuyi mumagona nayo kunja kawirikawiri?"

Ananena zimenezi mkazi wanga ali pomwepo, ndiponso pakhomo pali amayi odikira sikelo. Munthu wophunzira, wolipidwa ndi boma, kunyoza mayi amene wangomva kuti mwana wake afa! Ndinamuyankha kuti mkazi wanga ndimamudziwa, ndipo mwanayo ali ndi makutu anga. Ndinapempha pepala la zotsatirazo. Anakana, ndinakhala pabenchi osasuntha mpaka anandikoperera.

Kunyumba mkazi wanga anam'siyitsa mwana sukulu. Anam'letsa kusamba m'ngalande ndi anzake, kuthamanga, ngakhale kunyamula kambiya ka madzi. M'mawa uliwonse ankam'gwira zala chimodzichimodzi kuona ngati zayamba kutupa. Mwanayo ankangokhala pakhonde n'kumaonerera anzake akupita kukapirikitsa mbalame m'mpunga. Ankadya bwino, sankadandaula paliponse, koma tinkamuyang'ana ngati mlendo amene watsanzika kale.

Ndinamva kuti pa chipatala chachikulu pabwera dokotala watsopano, Mchewa wa chigawo chapakati amene anaphunzira kunja. Ndinapempha tchuthi n'kupita naye mwana, pepala lija lili m'thumba la jekete. Dokotalayo anali wamng'ono kwa ine, wolankhula pang'onopang'ono. Anawerenga pepala, n'kuliika pambali, n'kuyamba kuwerenga mwana. Anam'tsegula zikope, anam'gwira pamimba, anam'pinda zala ndi mawondo, anam'funsa ngati mafupa amamuwawa kukazizira.

"Ayi," anatero mwana. "Koma amayi amandiletsa kusewera."

Dokotala anaseka pang'ono, kenako anatembenukira kwa ine.

"Bambo, mwana uyu sakufanana ndi pepala lake. Bwerani muone chinthu."

Anandiika pa makina oonera tinthu tating'onoting'ono. Ndinali ndisanayang'anemo chibadwire. Poyamba ndinangoona kuwala, kenako anapotoza kachitsulo, ndipo ndinaona. M'kadontho kamene sikangakhutitse udzudzu munali khamu, timbale tating'ono tozungulira tosawerengeka, todzaza ngati mpunga woyanikidwa pa mphasa. Anati amenewo ndi magazi a munthu wabwinobwino. Anasintha galasi, n'kuika la wodwala sikoselo. Apa timbale tija tinali titapindika, tosongoka mbali zonse ziwiri, ndendende zikwakwa zimene alimi athu amamwetera mpunga. Ndinachotsa diso, ndinayang'ana dzanja langa, n'kubwezeranso diso. Zaka zonsezo ndinkayenda ndi khamu lotere m'thupi, lililonse likugwira ntchito yake, popanda kalaliki wolilembera.

Anandifotokozera mmene a kummwera anayezera. Amadontheza magazi pa kapepala konyowa n'kulumikiza magetsi, ndipo chofiira cha m'magazi chimayenda. Cha munthu wabwino chimafika patali, cha sikoselo chimatsalira m'mbuyo. Magazi a mwana wanga onse anatsalira m'mbuyo, n'chifukwa chake analemba kuti walandira mbewu yoipa mbali zonse ziwiri.

"Koma kutsalira m'mbuyo si kupindika," anatero. "Anthu awiri akhoza kuchedwa pa msewu umodzi, wina chifukwa cha chilonda, wina chifukwa ndi mmene amayendera. Ndipatseni magazi anu. Anuwo sanapite kummwera, anangoyezedwa pagalasi."

Ndinadikira masabata angapo. Yankho linati theka la magazi anga limatsalira pamalo omwewo pamene pamatsalira sikoselo, koma pagalasi sapindika ngakhale atawasiya nthawi yaitali. Dokotala anandiuza mosabisa kuti mwanayo ndi wanga, ndipo chimene ndinam'patsa si sikoselo, ndi chinthu china. Sindinadabwe za kukhala wanga. Ndinangopempha kuti alembe mawu amenewo pa pepala la chipatala n'kudindapo chidindo, ndipo pobwerera ndinadzera kwa a medikolo aja n'kuwawerengera mokweza, pakhomo pali anthu.

Magazi anga ndi a mwana anawatumiza kutsidya kwa nyanja, ku dziko la Azungu. Kalata yochokera kumeneko inatenga miyezi, ndipo inafika itatsegulidwa kale n'kumatidwanso, monga ankachitira makalata akunja masiku amenewo. Ndimadzifunsabe kuti amene anaitsegulayo anamvamo chiyani. Dokotala anandimasulira motere. Chofiira cha m'magazi chili ngati chingwe cha mikanda, mikanda yopitirira zana pa chingwe chimodzi, yotungidwa mofanana mwa anthu onse, Mnkhonde, Mchewa, Mmwenye, Mzungu. Mwa wa sikoselo mkanda umodzi wokha ndi wosinthika. Mwa ine munasinthikanso mkanda umodzi, koma pamalo ena. Anthu akutsidya kwa nyanjawo anaupeza, anadziwa kuti ndi wachingati pa chingwecho, ndipo analemba kuti kusintha kotereku n'kosowa kwambiri.

Ndinkaganiza za anthu amene sanandionepo, m'dziko lozizira, akuwerenga mikanda m'magazi a kalaliki wa ku Hara mpaka kupeza umodzi wosiyana. Ndinkaganizanso za Amene anaitunga. Kenako ndinafunsa chimene ndinabwerera.

"Ndiye kuti mwana wanga sadwala?"

"Sindikudziwa."

"Simukudziwa bwanji, adokotala? Mkandawo mwaupeza!"

"Kuupeza ndi kwina, kudziwa zimene umachita ndi kwina. Mwa inu uli pamodzi ndi chingwe chabwino, ndiye sukuvuta. Mwa mwana uli pamodzi ndi sikoselo ya amayi ake. Ilipo mikanda ina yosinthika imene ikakumana ndi sikoselo imathandizana nayo, mwana n'kudwala ngati wa sikoselo yeniyeni. Ilipo ina imene imangogona, munthu n'kukalamba osadziwa kanthu. Uwu sitikudziwa uli mbali iti. Olemba kalatawa nawonso sakudziwa."

Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti pa sikimu munthu akandifunsa ngati madzi abwera mawa sindinganene kuti sindikudziwa. Iye sanakwiye. Anati kunama n'kosavuta, mbali iliyonse, koma amene angalipire bodzalo ndi mwana. Anati njira ilipo imodzi. Mkandawo sunayambire pa ine, unachokera kwa makolo. Ngati tingapeze achibale ena amene ali nawo, makamaka okalamba, makamakanso wina amene ali nawo pamodzi ndi sikoselo ngati mwanayu, moyo wa munthu ameneyo udzatiuza zimene mabuku sakunena.

"Bweretsani abale anu amagazi, onse amene mungathe."

Ntchito yotere ndiyo yanga. Makolo anga onse awiri anali atamwalira, koma ndinalemba mzere wonse wa pakhomo pathu, kuyambira agogo aamuna. Ndinapita kumudzi kwa bambo anga aakulu, mkulu wawo wa malemu bambo anga, amene anali mutu wa banja. Poyamba anakana. Anati magazi a munthu satengedwa m'botolo ngati mafuta a nyale, ndipo anafunsa kuti boma likufuna kuwachita chiyani. Nditawauza kuti ndi za moyo wa mdzukulu wawo, anavala jekete. Anabwera ku chipatala ndi ang'ono awo, ana awo aamuna, ndi alongo awo awiri okalamba, onse atavala za kutchalitchi, khadi la chipani lili m'thumba chifukwa cha achinyamata a pa msewu. Anakhala pamzere motsata ukulu, ndipo palibe anapereka mkono wamkulu wake asanapereke.

Zotsatira zitabwera, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi mkanda uja.

Bambo aakulu anasangalala. "Ndinanena ine. Pakhomo pathu palibe chilema."

Ine ndinatsala ndi dokotala, nditataya mtima. Iye anayang'ana mzere umene ndinalemba, anautembenuza kuona kuseri, n'kundiyang'ana.

"Nanga a kwa amayi anu ali kuti?"

"Munati abale anga amagazi."

"Eya. Amalume anu, ang'ono awo a amayi anu, ana awo."

"Amenewo si a pakhomo pathu, adokotala. Anadya ng'ombe za malowolo. Amayi anga ng'ombe zitapita anakhala a kwathu, ndipo ife ana ndife magazi a bambo."

Dokotala anagwira mutu n'kuyamba kuseka, kuseka kwenikweni, mpaka anavula magalasi.

"Inu anthu a kumpoto! Kwathu mukanandiuza kuti bweretsa abale ako, ndikanabwera ndi amalume ndi mbumba yawo yonse, a kwa bambo n'kuwaiwala. Nanenso ndinalakwa, sindinakufunseni. Koma tamverani, bambo. Magazi sadziwa za ng'ombe. Theka ndi la bambo, theka ndi la mayi, kaya kuno kaya ku Dowa."

Sindinaseke nawo. Zinandilowa ngati madzi ozizira. Amayi anga, amene dzina lawo silinali pa mzere wanga ngakhale pakona, anali theka la khamu lija ndinaliona pagalasi. Ndinali nditawaika m'manda a kwathu monga mkazi wa bambo, osadziwa kuti ndikuyenda nawo m'mitsempha, ndipo ndawapatsira kale mwana wanga.

A kwa amayi anali kutsidya kwa Songwe, mbali ya Tanzania. Masiku amenewo wogwira ntchito ya boma sankawoloka chisawawa, ukanatha kufunsidwa kuti wakaonana ndi yani. Wotsala yekha amene ndinkamudziwa anali mng'ono wawo wa amayi, amene ndinamuona komaliza pa maliro awo. Ndinatumiza uthenga kudzera mwa mayi wina wogulitsa shuga amene ankawoloka pa bwato. Sindinayembekezere zambiri.

Anabwera okha. Tsiku lina masana ndikuchokera ku ofesi ndinaona mayi wokalamba, wamfupi, wouma ngati nsungwi, akutsika njira ya ku sikimu atasenza mkoko wathunthu wa nthochi. Anautula pakhomo, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiwe mwana wa mkulu wanga iwe? Wanenepa ngati Mzungu. Mwakumbuka liti kuti kutsidya kuli anthu?"

"Pepani, mayi. Ndaga, zikomo kuti mwabwera. Pa msewu sanakuvutitseni za khadi?"

"Tiana tija? Ndinawafunsa ngati amayi awo ali ndi khadi lowaberekera. Anandinyamulira nthochi mpaka pa basi."

Tinapita nawo kwa dokotala. Popereka mkono anati atengeko ambiri, kuti asadzawaitanenso. Dokotala anawafunsa, ine ndikumasulira, ngati anadwalapo matenda a mafupa, ngati maso anachitapo chikasu, ngati anaikidwapo magazi, ana anabereka angati ndipo anabereka bwanji. Anayankha kuti ana anabereka mpaka anatopa, onse pakhomo, ndipo chipatala analowamo kamodzi kokha kukaona mnzawo.

Podikira yankho anakhala nafe. Inali nyengo yokolola, ndipo sanathe kukhala pansi. Analowa m'munda wa mnansi wathu ndi chikwakwa chobwereka, n'kumamweta mpunga limodzi ndi atsikana, akuwanyoza kuti ndi aulesi. Madzulo ankatiphikira mbalagha, nthochi zophika ndi nyama monga ankaphikira amayi anga, ndipo ndinkadya mutu uli pansi kuti ana asaone maso anga.

Dokotala anatiitana tonse, nati mkazi wanga asatsale. Pa tebulo anaika timapepala tiwiri ta kummwera, ta mwana ndi ta mayi aja, moyandikana. Ngakhale ine ndinaona kuti n'tofanana. Magazi onse anatsalira pamalo amodzi, ndipo pagalasi a mayiwo anapindika ngati a mwana. Anati akukhulupirira kuti mayiwo ali ndi zonse ziwiri, sikoselo ndi mkanda wathu uja, ndipo patapita miyezi kalata ina ya kutsidya kwa nyanja inadzatsimikiza zimenezo.

Ndinawayang'ana mayi anga aang'ono. Anali atakhala pansi pa simenti chifukwa mpando anaukana, akutafuna mtedza, mapazi ali ong'ambika ndi matope a m'munda. Yankho limene anthu ophunzira a mayiko awiri analisowa linali litakhala pamenepo, likufunsa kuti basi inyamuka liti.

"Tsopano lembani kuti mwana alibe matenda," ndinatero.

"Sindilemba choncho. Munthu mmodzi si umboni wokwanira. Mwina mayiwa ali ndi china chowateteza chimene mwana alibe. Ndilemba kuti zikuoneka kuti mkandawu suvulaza, ndipo mwana azibwera kudzaonedwa, makamaka akadwala malungo. Koma mukandifunsa ngati bambo mnzanu, ndikuti m'bwezereni kusukulu."

Zinandikwiyitsa kuti ngakhale pamenepo anakana kulemba mawu amodzi omveka. Lero ndimaona kuti pa anthu onse amene anagwira nkhaniyi, iye yekha ndi amene sanalembe chinthu chimene sankachidziwa.

Tinabwerera kunyumba pa basi. Mawu a dokotala sanam'fike mkazi wanga. Iye anali ataona mlongo wake akufa, ndipo mawu oti "zikuoneka" sakanachotsa zimenezo. M'mawa mwake, tsiku limene mayi aja ankabwerera kwawo, ndinam'peza atagwada pafupi nawo kuseri kwa nyumba, atawagwira dzanja, akupinda zala zawo chimodzichimodzi.

"Apongozi, ndiuzeni zoona. M'mwezi wozizira mafupa sakuwawani?"

"Mafupa ati? Dzino ili ndi limene likundisowetsa mtendere. Dokotala wanu uja sanalifunse n'komwe."

"Muli mtsikana simunatupepo manja?"

"Ndinatupapo. Njuchi zinandiluma ndikuba uchi wa amalume." Anachotsa dzanja lawo n'kuloza mwana, amene anaima pakona akumvetsera. "Uyu mukumusunga ngati dzira bwanji? Akufuna kudzakwatiwa ndi khonde? Iwe, tabwera. Ndiwe wa kwathu iwe, a dokotala anena. Kwathu mwana wamkazi saperekeza mlendo chimanjamanja."

Tinali titawamangira mpunga m'kathumba, wolemera ndithu kwa mwana wa msinkhu umenewo. Mayiwo anapinda nsalu kukhala nkhata, anaiika pamutu pa mwana, n'kum'senzetsa. Kuchokera pa nyumba yathu kukafika pa msewu waukulu ndi mtunda, ndipo dzuwa linali litakwera kale. Ndinaona mkazi wanga akutsegula pakamwa. Ndinadziwa mawu amene ankabwera, chifukwa ndinali nditawamva tsiku lililonse kwa miyezi yambiri. Sanawanene.

Ananyamuka awiriwo motsatira ngalande, wokalamba patsogolo, mwana pambuyo, khosi lili njo, dzanja limodzi lili pa kathumba. Ine ndinayenera kuwaperekeza mpaka pa basi, koma ndinachedwa dala pang'ono. Pa mlatho wa matabwa mwana anapunthwa, kathumba kanapendekeka, anakakonza yekha osaima, ndipo tinamva mawu a mayi aja akumukalipira kuti afulumire. Mkazi wanga anaimabe pomwepo mpaka anabisika ndi nthochi za kumapeto kwa sikimu. Kenako anandiuza kuti pobwerera ndidzere kwa aphunzitsi aakulu, ndikawafunse ngati malo a mwana akadalipo.